Yisiti ndi kuwira kwa mowa wofulula pakhomo: zoyenera kudziwa pa mowa wowawasa ndi wa yisiti wakutchire

Munthu amene wayamba kufulula mowa wa balere pakhomo, kaya ali ku Portland, ku Leeds kapena ku Cape Town, amasonkhanitsa zinthu zinayi: madzi, chimera cha balere, maluwa owawa otchedwa hops ndi kapaketi ka yisiti kolemera magalamu 11.5. Zitatu zoyambazo sizivuta kuzimvetsa chifukwa amaziona, amazinunkhiza ndipo amaziyeza pa sikelo. Chachinayicho n'chimene chimazunguza mutu. Kapaketi kena kalembedwa US-05, kena kveik, kena saison, ndipo pa mabotolo ena a m'masitolo pamapezeka mawu akuti sour (wowawasa) ndi wild (wakutchire), amene anthu ambiri amayesa kuti ndi chinthu chimodzi. Chinanso chodabwitsa n'chakuti kusasa, kumene mafakitale a mowa akhala akulimbana nako ngati matenda kwa zaka zoposa 100, tsopano ena akukufuna dala, ndipo mowa wosasawo ukugulidwa pa mtengo wokwera. Zonsezi zimamveka munthu akadziwa zamoyo zimene zili m'ndowa yake, njira imene zinalowera, ndiponso kutentha kumene zikugwirira ntchito.

Yisiti ndi kuwira

Yisiti ndi kachamoyo ka selo imodzi, ka m'banja limodzi ndi bowa komanso chuku. N'kakang'ono kwambiri moti pamafunika maselo oposa 100 ondondozana kuti akwane milimita imodzi. Chakudya chake ndi shuga, ndipo kakadya kamatulutsa zinthu ziwiri zolemera pafupifupi mofanana: chinthu choledzeretsa chija chimene akatswiri amachitcha ethanol, ndi mpweya wa carbon dioxide umene umakwera pamwamba n'kupanga thovu. Mpweya umenewu ndi umene umachititsa kuti tizinena kuti mowa ukuwira ngakhale pansi pa mbiya palibe moto. Azungu nawonso anaona chimodzimodzi, pakuti mawu awo otchulira ntchito imeneyi anachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kuwira kwa madzi pamoto.

Yisiti wamba sangadye ufa wa m'njere mmene ulili, n'chifukwa chake pamafunika chimera. Wofulula amaviika chimera chogaya m'madzi otentha madigiri pafupifupi 65 mpaka 67 kwa ola limodzi, ndipo ufa uja umasanduka shuga. Madzi otsekemera amene amasefedwa pamenepo amatchedwa wort. Amawawiritsa pamoto pamodzi ndi hops kwa ola linanso, ndipo pakutha pa olalo zamoyo pafupifupi zonse zimene zinali m'madzimo zimakhala zitafa. Mphikawo ukamazizira uli ngati munda wogalauza bwino, wachonde, umene simunagwe mbewu iliyonse. Chimene chiyambe kugwamo ndicho chimere, kaya ndi mbewu yosankhidwa kapena namsongole.

Anthu anafulula mowa kwa zaka zikwi zambiri osadziwa chimene chikuuwiritsa. Lamulo lotchuka la mowa la ku Bavaria la mu 1516 linatchula madzi, balere ndi hops, koma za yisiti silinanene chilichonse, ngakhale kuti ofulula ankatapa thovu ndi matope a mowa wakale n'kuthira mu watsopano. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft anaona timibulu ta yisiti pa maikulosikopu yake mu 1680, koma sanazindikire kuti n'tamoyo. Cha m'ma 1837 Theodor Schwann ndi Charles Cagniard de la Tour, aliyense payekha, anasonyeza kuti timibuluto timaswana, ndipo akatswiri ena otchuka a nthawiyo, monga Justus von Liebig, anatsutsa. Mkanganowo unazirala ndi ntchito ya Louis Pasteur, amene kuyambira mu 1857 anasonyeza kuti kuwira ndi kusasa zimachitika ndi zamoyo zosiyana, ndipo mu 1876 anatulutsa buku lofotokoza matenda a mowa.

Yisiti wa mtundu umodzi

Pasteur anaonetsa mdani, koma amene anapeza njira yomutsekera kunja anali Emil Christian Hansen, wa ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen. Mu 1883 Hansen anapatula selo imodzi yokha ya yisiti, anaiswanitsa m'chiwiya chopanda kachilombo kena kalikonse, ndipo anapeza yisiti wochuluka amene maselo ake onse ndi ana a kholo limodzi. Mwini fakitale ya mowa ya Carlsberg, J. C. Jacobsen, anagawira yisitiyo kwa ofulula ena, ndipo pasanapite zaka zambiri njira ya Hansen inafalikira m'mafakitale a ku Ulaya. Fakitale ya Carlsberg imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968 inabwera ndi mwambo womwewu.

Mlimi wa chimanga angaimvetse msanga nkhaniyi. Mbewu yogula m'sitolo imamera mofanana, imacha nthawi imodzi, ndipo pa thumba pamalembedwa masiku ake. Mbewu ya makolo yosunga pa tsindwi ili ndi mitundu yosakanikirana, zokolola zake zimasiyana chaka ndi chaka, koma ili ndi kukoma ndi kupirira kumene yogula ija ilibe. Kapaketi ka yisiti wouma ka Fermentis kapena Lallemand, ngakhalenso yisiti wamadzi wa Wyeast ndi White Labs, ndi mbewu ya m'sitolo. Makampani awiri otsirizawa anayamba mu 1986 ndi mu 1995, boma la America litalola kale mu 1978 kufulula mowa pakhomo, monga mmene Britain inachitira mu 1963, ndipo anathandiza kwambiri kuti munthu wamba azitha kusankha pa mitundu yambirimbiri ya yisiti.

Ale, lager ndi nkhani ya kutentha

Pafupifupi mowa wonse wa balere umagawidwa pawiri potengera yisiti. Wa ale umawiritsidwa ndi Saccharomyces cerevisiae, mtundu womwewo umene umatupitsa buledi, ndipo umakonda madigiri 18 mpaka 22. Ntchito yaikulu imatha pa mlungu umodzi kapena iwiri. Wa lager umawiritsidwa ndi Saccharomyces pastorianus pa madigiri 8 mpaka 13, pang'onopang'ono, kenako umasungidwa pozizira kwa milungu ingapo. Mwambo umenewu unakhazikika ku Bavaria, kumene mu 1553 olamulira analetsa kufulula m'nyengo yotentha n'kulola kuyambira pa 29 Seputembala mpaka pa 23 Epulo basi. Popanda kudziwa, lamulolo linakondera yisiti wopirira kuzizira ndipo linafooketsa mabakiteriya osasitsa mowa.

Kutentha sikungofulumizitsa ntchito, kumasinthanso fungo. Yisiti akatenthedwa amatulutsa zinthu zambiri zonunkhira ngati zipatso, ndipo kutenthako kukapyola malire amatulutsa zina zoyabwa pammero ngati mankhwala osungunulira penti. Fungo la nthochi ndi la zokometsera za clove limene limamveka mu mowa wa tirigu wa ku Bavaria silichokera ku nthochi kapena ku clove, limachokera kwa yisiti. Apa pali msampha umene oyamba kumene amagwamo kawirikawiri: amayeza kutentha kwa chipinda n'kuiwala kuti kuwirako kumatulutsa kutentha kwakekwake, moti m'kati mwa ndowa mumatentha madigiri angapo kuposa kunja.

Kwa ofulula a m'mayiko otentha amene alibe firiji yapadera, nkhani yaikulu ya zaka zapitazi ndi kveik. Ameneyu ndi yisiti wa alimi a kumadzulo kwa Norway, m'madera ngati Voss, amene mabanja akhala akupatsirana kwa mibadwo. Ankamuumitsa pa nkhata yamtengo n'kuipachika m'nyumba kudikira kufulula kotsatira. Lars Marius Garshol, amene anayendera alimiwa kuyambira cha m'ma 2014, ndiye anachititsa kuti dziko limudziwe. Kveik amawira bwino pa madigiri 30 mpaka 40, kutentha kumene kungaononge mowa wa yisiti wina, ndipo amamaliza m'masiku ochepa. Ngakhale amachokera kumudzi, si yisiti wakutchire. Kafukufuku wa chibadwa chake anasonyeza kuti ndi Saccharomyces cerevisiae wowetedwa ndi anthu kwa nthawi yaitali, monga nkhuku yachikuda imene ndi yoweta ndithu ngakhale sinachokere ku fakitale ya anapiye.

Zimene zimalembedwa pa kapaketi

Mawu oyamba ndi attenuation, kutanthauza gawo la shuga limene yisitiyo amatha kudya. Ambiri amadya magawo 70 mpaka 80 pa 100 aliwonse. Wofulula amaona zimenezi ndi kachipangizo kagalasi koyandama kotchedwa hydrometer: madzi a shuga wambiri amakayandamitsa kwambiri, ndipo shuga akamatha kamamira pang'onopang'ono. Ngati poyamba kanawerenga 1.050 ndipo pomaliza kakuwerenga 1.010, mowawo uli ndi mphamvu yopitirira pang'ono 5 peresenti. Chizindikiro chodalirika chakuti kuwira kwatha ndi nambala imene yakhala yosasintha kwa masiku atatu, osati kuleka kwa thovu.

Mawu achiwiri ndi flocculation, ndiko kugwirana kwa maselo n'kukhazikika pansi ntchito ikatha. Yisiti wokhazikika msanga amasiya mowa woyera, koma nthawi zina amagona asanamalize kuyeretsa zinthu zimene anatulutsa poyamba, monga diacetyl wonunkha ngati batala ndi acetaldehyde wonunkha ngati apozi wosapsa. Kuchotsa mowa pa yisiti mofulumira kumasiya fungo limeneli.

Palinso mawu akuti diastaticus, amene ndi bwino kuwasamala. Mitundu ina ya yisiti, makamaka ya mowa wa saison wa ku Belgium, ili ndi jini yotchedwa STA1 imene imaithandiza kuphwanya shuga wautali amene yisiti wina amamusiya. Mu saison zimenezi n'zofunika chifukwa mowawo uyenera kukhala wopanda kutsekemera. Koma maselo ochepa chabe akatsalira mu payipi n'kulowa mu mowa wina, amapitiriza kudya m'botolo lotseka, mpweya umachuluka, ndipo botolo limaphulika.

Mowa wowawasa

Kuwawasa si ntchito ya yisiti wamba, ndi ntchito ya mabakiteriya. Lactobacillus ndi Pediococcus amadya shuga n'kutulutsa lactic acid, asidi yemweyo amene amawawasitsa chambiko. Acetobacter, bakiteriya wina, akapeza mpweya wa okosijeni amasandutsa mowa kukhala viniga, ndipo ameneyu ofulula ambiri samufuna kupyola pang'ono chabe. Pa muyezo wa asidi wotchedwa pH, umene nambala yake imatsika asidi akachuluka, mowa wamba umakhala pakati pa 4.0 ndi 4.5, pamene wowawasa umatsika kufika pa 3.2 mpaka 3.5. Ku Germany mitundu yakale ya mowa wotere ndi Berliner Weisse wa ku Berlin ndi Gose, wothira mchere ndi njere za coriander, amene anayambira ku Goslar n'kudzatchuka ku Leipzig. Ku Belgium kuli mowa wofiira wa ku Roeselare umene fakitale ya Rodenbach imausunga m'migolo ikuluikulu ya mtengo wa oak.

Njira yofala pakhomo masiku ano ndi kusasitsira mumphika. Wofulula amaziziritsa wort wopanda hops kufika pa madigiri 35 mpaka 40, amathiramo Lactobacillus, amatseka mphika kuti mpweya usalowe, n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri. Hops amayamba wamusiya chifukwa kuwawa kwake kumafooketsa mabakiteriyawa. Kuwawasa kukafika pamene akufuna, amawiritsa madziwo pamoto kuti mabakiteriya afe, kenako amathira yisiti wamba. Mowa umapsa m'milungu iwiri kapena itatu ndipo ziwiya zina za pakhomo siziipitsidwa.

Kwa munthu amene anakulira pafupi ndi mbiya ya masese, zimenezi si zachilendo kwenikweni. Mowa wa chimanga, mawere ndi mapira wa kum'mwera kwa Africa umadutsa m'manja awiri omwewo, mabakiteriya osasitsa ndi yisiti wowiritsa, ndipo thobwa likakhalitsa masiku angapo limaonetsa zonse ziwiri, kusasa ndi kuyamba kuledzeretsa. Mafakitale a mowa wa mapira a ku South Africa akhala akusasitsa phala asanaliwiritse pamoto kwa zaka zambiri, mawu akuti kettle sour, otchulira kusasitsira mumphika kuja, asanatchuke ku America. Kabowo ka pamwamba pa katoni ya Chibuku n'kotulutsira mpweya, chifukwa yisiti amakhala akugwirabe ntchito mowa uli m'manja mwa womwa.

Yisiti wakutchire

Mawu akuti wakutchire ali ndi matanthauzo awiri amene amasokonezedwa. Loyamba limanena za mtundu wa yisiti, makamaka Brettanomyces. N. Hjelte Claussen, wa ku Carlsberg komweko, anamufotokoza mu 1904 atamupeza mu mowa wa ku England wosungidwa nthawi yaitali m'migolo, ndipo dzinalo limatanthauza bowa wa ku Britain. Brettanomyces amagwira ntchito mochedwa, kwa miyezi, akudya shuga amene yisiti wamba anamusiya. Fungo lake ena amaliyerekeza ndi chikopa, ena ndi khola la akavalo, ndipo nthawi zina limakhala la chinanazi. Opanga vinyo ambiri amamuona ngati choononga, pamene amonke a ku Orval ku Belgium amamuthira dala mu mowa wawo. Mfundo yofunika n'njakuti Brettanomyces payekha sawawasitsa mowa kwambiri. Choncho mowa ungakhale wakutchire koma wosawawasa, kapena wowawasa koma wopanda yisiti wakutchire, monga wosasitsira mumphika uja. Komanso Brettanomyces wambiri amene ofulula pakhomo amathira ndi wogula m'kabotolo kochokera ku labotale, wopatulidwa mwa njira ya Hansen yomwe ija.

Tanthauzo lachiwiri limanena za njira, ndiko kusathira yisiti aliyense n'kusiya kuti zamoyo zilowe zokha. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi lambic wa ku Brussels ndi dera la Pajottenland, m'chigwa cha mtsinje wa Senne. Ku Cantillon, fakitale yaing'ono ya banja imene inayamba mu 1900 ku Anderlecht, amasakaniza chimera cha balere ndi tirigu wosamera, amene amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo amathira hops wakale wa zaka ziwiri kapena zitatu amene kuwawa kwake kunachepa koma amatetezabe mowa. Madzulo wort wotentha amapopedwa kupita m'chipinda cha pansi pa denga, m'chibeseni chachikulu chamkuwa, chotakata koma chosazama. Nthunzi imadzaza chipindacho, mphepo yozizira ya usiku imalowa m'mipata ya denga, ndipo kukamacha madziwo amakhala atazizira n'kuthiridwa m'migolo yakale. Akangaude a m'nyumbamo saphedwa, chifukwa ndi amene amagwira tintchentche tokonda zotsekemera. Ntchitoyi imachitika m'nyengo yozizira yokha, kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka cha mu Epulo.

M'mgolomo zamoyo zimalowana m'malo ngati mbewu ndi udzu m'munda wosiyidwa. Milungu yoyamba mumachuluka mabakiteriya osiyanasiyana, ena onunkhitsa, amene amafa asidi ndi ethanol zikayamba kukwera. Kenako Saccharomyces amawiritsa mowa kwa miyezi ingapo. Nyengo ikayamba kufunda Pediococcus amausasitsa, ndipo nthawi zina amaupangitsa kunanda ngati therere, zimene ofulula amati mowa wadwala. Brettanomyces ndiye amabwera pomaliza, amachotsa kunandako n'kupereka fungo lake. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha: zonsezi zimatenga chaka chimodzi mpaka zitatu. Mowa wa gueuze umapangidwa posakaniza lambic wamng'ono ndi wakale m'botolo lolimba lomanga ndi waya, mmene umawiranso, ndipo kriek ndi lambic wothira zipatso za cherry.

Ofulula pakhomo amatsanzira zimenezi m'njira zingapo. Ena amathira matope a pansi pa botolo la gueuze mu mowa wawo, ena amagula chisakanizo cha yisiti ndi mabakiteriya, ena amaika timabotolo ta wort pansi pa mtengo wa zipatso usiku wonse. Njira yotsirizayi ili ndi ngozi zenizeni. Wort watsopano alibe asidi kapena ethanol womuteteza, n'chifukwa chake odziwa amayamba atsitsa pH yake kufika pa 4.5 kapena kucheperapo, ndipo salawa mpaka patapita milungu ingapo kuwira kutaoneka bwino. Kakhungu koyera kosalala kapena ka timatuza kamene kamayala pamwamba n'kachibadwa, koma chuku chaubweya chobiriwira kapena chakuda ndi chizindikiro choti zonse zitayidwe. Ambiri amasunganso mapayipi ndi ndowa zapulasitiki zapadera za mowa wotere, poti tizilomboti timabisala m'mikwingwirima ya pulasitiki. Amene amachita mwayi amapeza yisiti amene palibe wina ali naye. Sayansi yomwe inapindulapo motere: Schizosaccharomyces pombe, yisiti amene lero amagwiritsidwa ntchito m'malabotale ambiri pofufuza mmene maselo amagawikira, anafotokozedwa ndi Paul Lindner mu 1893 kuchokera mu mowa wa mawere wa kum'mawa kwa Africa, ndipo pombe ndi mowa m'Chiswahili.

Mafunso amene adakalipo

Chiyambi cha yisiti wa lager sichinamveke chonse. N'zodziwika kuti ndi mwana wa makolo awiri, Saccharomyces cerevisiae ndi wina wopirira kuzizira, Saccharomyces eubayanus, amene anapezeka koyamba mu 2011 pa mitengo ya m'nkhalango za Patagonia. Funso linali lakuti anafika bwanji ku Bavaria. Pambuyo pake anapezekanso ku Tibet, ku North America ndi ku New Zealand, ndipo mu 2022 ofufuza a ku Dublin analengeza kuti amupeza m'dothi la ku Ireland. Mu 2023 ofufuza ena anapereka maganizo akuti makolo awiriwa anakumana mu fakitale ya Hofbräuhaus ku Munich pakati pa 1602 ndi 1615, koma umboni wake ndi wa zolemba zakale ndi kuwerengera za chibadwa, ndipo kukambirana kukupitirira.

Pa lambic, akatswiri amasiyana pa gwero lenileni la zamoyo zake. Mwambo umati ndi mphepo ya m'chigwa cha Senne, pamene kafukufuku wina amaloza ku matabwa a denga ndi migolo yakale, imene siyera kotheratu ngakhale itsukidwe. Yankho lake likukhudza mkangano wa mayina. Ofulula a ku America atayamba kutsatira njira yomweyo, bungwe la HORAL, loimira ofulula lambic, linakana kuti azigwiritsa ntchito dzina la gueuze, ndipo mu 2017 anagwirizana pa mawu akuti Méthode Traditionnelle. Ena amati dzina liyenera kutsata malo, ena amati liyenera kutsata njira. Mkangano wofanana ulipo pakati pa okonda mowa wosasitsira mumphika, amene amati ndi waukhondo ndi wotsika mtengo, ndi amene amati kukoma kwake n'kosazama poyerekeza ndi wa zaka zitatu mumgolo.

Malire akale nawonso akusuntha. Yisiti wa mtundu wa Lachancea amatulutsa yekha lactic acid pamodzi ndi ethanol popanda bakiteriya aliyense, ndipo akugulitsidwa m'mapaketi. Palinso Saccharomyces wosinthidwa chibadwa mu labotale kuti azichita zomwezo, amene malamulo a mayiko ena amamulola pamene ena samulola, ndipo ofulula sanagwirizane ngati womwa ayenera kuuzidwa pa botolo. Funso lina likuchokera ku nyengo. Chibeseni cha pansi pa denga chimafuna usiku wozizira kwambiri, ndipo mu 2015 Cantillon inaimitsa kaye kufulula kumayambiriro kwa nyengo yake chifukwa usiku unali wofunda mopyola. Ngati miyezi yozizira ya ku Brussels ipitiriza kufupika, ofulula adzayenera kusankha pakati pa kuchepetsa mowa umene amapanga ndi kuziziritsa chipindacho ndi makina, ndipo sanagwirizane ngati mowa wozizira ndi makina ungatchedwebe lambic.